Kuchokera ku kuka kufika ku Mtukula Pakhomo: mbiri ya chisamaliro cha ana m'Malawi

Mpaka chaka cha 2010, mwana wa zaka 7 m'Malawi ankatha kuimbidwa mlandu kukhoti. Umenewu ndi msinkhu wa mwana wa Sitandade 2, uja mano akutsogolo angomuguluka kumene. N'zoona kuti lamulo linkati ngati sanakwanitse zaka 12, woimba mlandu ayambe waonetsa kuti mwanayo ankadziwa kuti akulakwa, komabe khomo la khoti linali lotsekula. Lamuloli linabwera ndi Angerezi, ndipo linakhalabe m'mabuku zaka 46 dziko litalandira kale ufulu wodzilamulira.

Munthu akafufuza malamulo okhudza ana amene dziko lino linali nawo m'zaka zonsezo, amapeza atatu akuluakulu. Lina, la 1949, linkanena za munthu wofuna kutenga mwana wa wina kuti akhale wakewake. Lina linkakakamiza mwamuna wopereka mimba n'kuthawa kuti azipereka chithandizo. Lachitatu, la 1969, mbali yake yaikulu inali ya ana opalamula ndi osowa kolowera, kunena kowazengera milandu ndi kowasunga. M'malamulo onsewa munalibe mawu onena kuti mwana adya chiyani, kapena atsala ndi yani mayi ake akalawirira kumunda. Zimenezo boma linkaziona ngati nkhani za kumudzi. Lakhala likusendera ku ntchitoyi pang'onopang'ono, koma mpaka lero katundu wolemera likumusiyabe pamutu pa agogo ndi amayi ongodzipereka.

Mwana wa mbumba

Mudzi unalidi ndi dongosolo lake. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi. Bambo, makamaka mkamwini, amalima ndi kumanga nyumba, koma wonena mawu omaliza pa za mwana ndi malume ake, mwinimbumba. Kumpoto, pakati pa Atumbuka, Angoni ndi Ankhonde, komanso kwa Asena kuchigwa cha Shire, kumene amalowola, mwana ndi wa kuchimuna. Konsekonse mwana anali ndi eni ake ambiri. Akasiya kuyamwa ankasamukira ku kuka kwa agogo ake aakazi, kumene ankagona, kudya ndi kumvera nthano pamodzi ndi ana a amayi ake aang'ono ndi aakulu. Akasinkhuka, mtsikana ankalowa gowelo, mnyamata mphala. Mayi akamwalira, eni mbumba ankakhala pansi maliro atatha n'kugawana ana otsalawo.

Zakale n'zosafunika kuzikometsa mopitirira. Nthano zomwezo za ku kuka zadzaza ndi ana amasiye otumidwa kumadzi kuli mdima ndi kupatsidwa nkhoko anzawo atadya nsima, ndipo nthano sizichokera m'malere. Dongosololi linkalimba nkhokwe zikakhala zodzaza, akuluakulu ali pamudzi. Atsamunda anagwedeza zonse ziwiri. Msonkho wa nyumba, umene unayamba m'zaka za m'ma 1890, unathamangitsira amuna ku maesiteti a azungu, ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Johannesburg. Ena ankabwerako ndi njinga ndi bulangete, ena anasanduka machona. Pofika 1935 boma la Nyasaland linachita kukhazikitsa komiti yofufuza za kutha kwa amuna m'midzi.

Njala ya 1949 ndi imene inaonetsa poyera pamene panang'ambika. Wolemba mbiri Megan Vaughan, amene anacheza ndi amayi a m'boma la Blantyre patapita zaka zambiri, anamva mobwerezabwereza za amuna amene anapita kukasuma osabwerako. Pogawa chakudya, boma linkayesa kuti mkazi aliyense wokwatiwa ali naye womudyetsa, choncho amayi ambiri otsala okha ndi ana ankabwerera chimanjamanja.

Oyamba kulera ana amene si abale awo anali amishoni. Mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, inkalandira ana opulumuka m'manja mwa ogula akapolo, ndipo pambuyo pake zipatala za mishoni zinkasunga makanda amene amayi awo afa pobereka, popeza pamudzi panalibe mkaka wowapatsa. Boma la atsamunda linayesako kufufuza za kadyedwe. Mu 1938 gulu lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt linapita kudera la Nkhotakota kukayeza zimene mabanja ankalima ndi kudya. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasokoneza ntchitoyo, ndipo zolemba zake zinadzasindikizidwa mu 1992, ana a nthawi ya kafukufukuyo ali kale ndi zidzukulu. Malo aboma osungirako ana amene dziko linakhala nawo kwa zaka zambiri anali Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre, onse olandira anyamata otumizidwa ndi khoti.

Sikelo

Dzanja la boma linafika kwa mwana wakumudzi kudzera ku sikelo. Tsiku lake amayi amafika m'mamawa, ana kumsana, khadi atalikulunga m'jumbo kuopa mvula. Mlangizi wa zaumoyo amapachika sikelo pa nthambi ya mango kapena pa mtanda wa denga la tchalitchi. Asanayambe kuyeza pamakhala nyimbo ndi phunziro, mwezi uno za kuyamwitsa mwakathithi, mwezi wamawa za kutsekula m'mimba. Kenako mwana amamuveka kakabudula ka zingwe n'kumukoloweka, iye akulira, miyendo ikupalasa, mpaka muvi utaima. Mlangizi amaika kadontho pakhadi. Madontho akamakwera mwezi ndi mwezi mayi amabwerera mtima uli m'malo. Akagona kapena kutsika pamakhala mafunso, mwinanso ulendo wa kumagulu.

Alangiziwa anayamba ngati obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, n'kudzakhala othandiza pa mliri wa kolera m'ma 1970, ntchito yawo n'kumakula mpaka kukhala chipatala choyamba chimene mwana wakumudzi amakumana nacho. Ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko lonse inakhazikitsidwa mu 1979. Phala la chimanga ndi soya limene amayi ankaphunzitsidwa linatenga dzina la Likuni, mishoni ya Akatolika ya pafupi ndi Lilongwe, ndipo dzinalo lakanirira mpaka pano.

Nthawi imeneyo sikelo inkanena zimene pakamwa sipankaloledwa kunena. Dr Hastings Kamuzu Banda ankakonda kuuza alendo kuti anthu ake ali ndi chakudya, zovala ndi nyumba zosadontha, ndipo kutchula njala kapena umphawi pagulu kunali kudziputira. Njira zakulera anaziletsa m'ma 1960, n'kudzazilola mu 1982 pokhapokha zikhale zotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5, ndipo pafupifupi theka la ana aang'ono linali lopinimbira.

Kafukufuku wa mtundu womwewo wa 2015 mpaka 2016 anapeza imfa 63 pa ana 1,000. Ndi maiko ochepa mu Africa amene anatsitsa imfa za ana mofulumira chotere, ndipo Malawi anachita zimenezi ali m'gulu la maiko osaukitsitsa. Katemera, masikito ndi mankhwala a malungo ndi chibayo osungidwa ndi mlangizi pamudzi pomwepo, zonsezi zinathandiza. Chiponde, chija cha mtedza, mkaka, shuga ndi mafuta, chinayesedwa m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo chinachititsa kuti mwana wonyentchera azichirira kunyumba m'malo moti mayi agone naye kuchipatala masabata angapo, ana ena atawasiya okha. Kupinimbira kokha ndiye kwatsika mozengereza. M'kafukufuku yemweyo ana 37 pa 100 alionse anali aafupi poyerekeza ndi zaka zawo.

Mudzi usamale

Munthu woyamba kudziwika kuti ali ndi Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985. Matendawa anasankha msinkhu umene dongosolo lonse la mudzi linkadalira, amayi, abambo, amalume, azakhali. Otsala anali agogo ndi zidzukulu. Pa nthawi yomweyo dziko linkasunga anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo mu 1992 kunagwa chilala choopsa.

Boma linakhazikitsa gulu loona za ana amasiye mu 1991, ndipo chaka chotsatira gululo linatulutsa mfundo zoyendetsera ntchitoyi. Malawi anali mwa maiko oyambirira mu Africa kulemba ndondomeko yotere. Mfundo yake yaikulu inali yoti mwana wamasiye aleredwe pakati pa abale ndi pamudzi pake. Zikakanika, lipezeke banja lina lomulera. Nyumba zosungirako ana amasiye zikhale pothawira pomaliza.

Mfundoyi inali yanzeru. Mwana wokulira pakati pa abale amasunga chilankhulo chake, amadziwa malire a munda wa mayi ake, ndipo akakula sasowa womuimira pa ukwati. Koma inalinso yotchipa, ndipo zimenezi n'zosafunika kubisa. Mawu oti mudzi usamale ana ake sanatsagane ndi ndalama. Chimene chinatsagana nawo ndi makomiti. Bungwe la Save the Children linayambitsa ntchito yotchedwa COPE ku Mangochi mu 1995, ndipo njira yake inafalikira m'maboma ena: komiti ya pamudzi imalemba ana amasiye m'kaundula, imalima munda wa gulu, imayendera odwala, imakapepesera mwana kwa mphunzitsi wamkulu akamubweza chifukwa cha yunifolomu. Ambiri mwa ogwira ntchitoyi anali amayi amene nawonso kunyumba kwawo kunali odwala.

Abale omwewo amene ndondomeko inkawadalira nthawi zina ndiwo anali adani. Zinkachitika kuti chiliza chisanamangidwe, akuchimuna afika kale kudzazula malata ndi kutenga njinga, mayi ndi ana n'kutsala pamtetete. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo pa abale ena onse, ndipo limati kulanda chumacho ndi mlandu. Pofika 2005, pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika ankakhazikitsa dongosolo la zaka zisanu lothandizira ana amasiye ndi ena ovutika, ana otaya kholo limodzi kapena onse awiri ankawerengedwa kuti ndi pafupifupi 1 miliyoni, theka la iwo chifukwa cha Edzi.

Chimene chinachepetsadi umasiye sichinachokere ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ayi. Chinali mankhwala. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala zaboma mu 2004. Mu 2011 Malawi anachita chinthu chimene maiko ena anali asanayese: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV ayambe mankhwala pomwepo, amwe moyo wake wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, popeza makina oyezera kumidzi kunalibe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linadzavomereza njirayi, maiko ambiri n'kutsatira. Khanda linkabadwa lopanda kachilombo, ndipo mayi ake ankakhala ndi moyo n'kulilera yekha.

M'zaka za Edzi zomwezi ndi mmene sukulu zamkombaphala zinamerera m'midzi. M'matauni zinalipo kale, zambiri zoyambitsidwa ndi amayi a mvano ndi magulu ena a mipingo, ndipo mu 1970 zinapanga bungwe lake la dziko lonse. Zakumudzi zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma ndi UNICEF akufuna njira yochepetsera kunyentchera, koma Edzi ndi imene inazichulukitsa, chifukwa agogo olera tiana tinayi ankasowa kotisiya akamapita ku ganyu. Ndondomeko ya boma ya maphunziro a mmera mpoyamba inatuluka mu 2003, sukuluzo zili kale mbwee.

Sukulu yotere nthawi zambiri imakhala chisakasa cha udzu, tchalitchi chobwereka, kapena nyumba imene makolo anaumba okha njerwa. Ana a zaka 3 mpaka 5 amakhala pamphasa. Zoseweretsa ndi zidole za dongo, zitsekerero za mabotolo zowerengera, mpira wa mapepala womanga ndi luzi. Kuseri, mayi amene lero ndi tsiku lake akutakasa phala mumphika waukulu, ufa ndi nkhuni zitachokera kwa makolo. Mlezi amaimbitsa ana, amawaphunzitsa kusamba m'manja ndi kutchula maina awo, amapukuta amene wadziipitsira. Wamwayi anachitako maphunziro a masabata awiri. Malipiro alibe, kupatula ochepa amene boma layamba kuwapatsa kangachepe m'zaka zaposachedwa.

Chimene chimatsegula ndi kutseka sukuluzi ndi mphika uja. Akatswiri ogwira ntchito ndi World Bank atayendera sukulu zolembedwa m'kaundula wa boma ku Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo mu 2011, anapeza kuti zotsegula zinali zongopitirira theka pang'ono, ndipo kusowa kwa chakudya kunali pakati pa zifukwa zazikulu. Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene mwana amafunitsitsa phala, ndi miyezi imene makolo alibe ufa wosonkha, ndiponso imene mlezi amayenera kukapalira munda wake.

Zaka 16 kapena 18

Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, Kamuzu akadali pampando. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anapatula gawo 23 kukhala la ana: ufulu wokhala ndi dzina, wodziwa makolo ndi kuleredwa nawo, wotetezedwa ku ntchito ndi zilango zoononga moyo. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulaimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Ambiri mwa ana atsopanowo ankabwera m'mimba muli pululu, ndipo apanso yankho linali phala. Bungwe la WFP linayamba kudyetsa ana asukulu ku Dedza mu 1999, pamene Mary's Meals, imene lero ikudyetsa ana m'maiko ambiri, inayambira m'Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha. Ophika, monga mwa nthawi zonse, ndi amayi a m'mudzi odzuka mbandakucha popanda malipiro.

Koma gawo 23 lija linali ndi chibowo. Linkati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16, ndipo gawo loyandikana nalo linkalola wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Mtsikana wa Fomu 1 ankatha kukwatiwa lamulo likuyang'ana. Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati mu 2015, koma poti malamulo oyendetsera dziko ndiwo aakulu, panafunika kuwasintha iwo omwe, zimene zinachitika mu Febuluwale 2017. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto sanadikire aphungu. Anathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera anawo kusukulu, ndi kuimitsa paudindo mafumu aang'ono olekerera. Anamveka mpaka kunja, mwina chifukwa anaonetsa kuti kumudzi mawu a mfumu amafika kumene gazeti ya boma siifika.

Lamulo lalikulu la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana linabwera mu 2010, litakhala zaka zingapo likudikira kuchokera pamene bungwe lounika malamulo linamaliza ntchito yake. M'nyengo yomweyo msinkhu woimbidwa mlandu unakwezedwa kufika pa zaka 10. Lamuloli linakhazikitsa makhoti a ana, ndipo linatsegula njira yoti mwana wopalamula mlandu waung'ono alangizidwe ndi kubweza zimene waononga osalowa m'ndende. Linaletsa kukwatitsa mwana mokakamiza, kumutomeretsa, ndi kumupereka ngati chikole cha ngongole, mchitidwe umene ku Karonga amautcha kupimbira. Papepala ndi lamulo labwino. Komabe mu 2018 bwalo lalikulu la milandu linachita kulamula kuti ana amene ankasungidwa kundende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko, patatha zaka 8 lamulo litanena kale kuti mwana malo ake si ndende.

Za ana a m'minda ya fodya nazo zinayenda chimodzimodzi. Lamulo la ntchito la 2000 linaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma mwana wa tenanti salembedwa ntchito ndi munthu. Amangothandiza bambo ake kuthyola ndi kusoka fodya kuti ngongole ya kwa bwana ithe. Dziko la America litayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake mu Novembala 2019 chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, zinthu zinafulumira, ndipo utenanti unathetsedwa mwalamulo mu 2021.

Mchinji, 2006

Zinthu ziwiri zinachitika m'boma la Mchinji m'chaka chimodzi. China chinadzaza nyuzipepala za dziko lonse lapansi, china chinangodziwika ndi ochepa.

Mu Okutobala 2006 woimba wa ku America, Madonna, anapatsidwa chilolezo chongoyembekezera chotenga mwana wamwamuna wa chaka chimodzi ku nyumba ya ana amasiye ya Home of Hope. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu anathamangira kukhoti, akuloza lamulo la 1949 lija, limene limati wotenga mwana akhale wokhala m'Malawi. Nkhaniyi inabukanso mu 2009 pamene woimbayu anafuna kutenga mwana wachiwiri. Woweruza Esme Chombo anakana mu Epulo, akuti munthu wongofika masiku ochepa sangatchedwe wokhala m'dziko, ndipo kufewetsa lamulo kungatsegulire khomo ozembetsa ana. Mu Juni khoti la apilo, lotsogozedwa ndi mkulu wa oweruza Lovemore Munlo, linasintha chigamulocho, likuti ntchito zachifundo za woimbayu m'dziko muno ziyenera kuwerengedwa ndipo chachikulu ndi ubwino wa mwana.

Phokoso lonselo linaphimba mfundo imodzi. Mwana woyamba uja bambo ake anali moyo, mlimi wamba amene mkazi wake anamwalira atangobereka, ndipo anakamusiya kumeneko chifukwa analibe chomudyetsa. Si iye yekha. Kalembera wa 2011 anapeza ana oposa 6,000 m'nyumba 104 zosungirako ana, ndipo pofika 2014 chiwerengerocho chinali chitadutsa 10,000, ngakhale ndondomeko ya boma inkanena chinenere kuti nyumbazi ndi pothawira pomaliza. Ambiri mwa anawo anali ndi kholo kapena mbale wodziwika. Chowatengera kumeneko chinali chakudya ndi fizi. Wopereka thandizo wakunja savutika kutumiza ndalama ku nyumba imene ili ndi chikwangwani ndi zithunzi za ana pakhoma, pamene agogo a kumudzi alibe chikwangwani.

Chinthu chachiwiri chija chinali kuyesa kufikira agogo amenewo. Boma, mothandizidwa ndi UNICEF komanso ndalama za Global Fund, linayamba kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, kapena amene wamphamvu mmodzi akusenza anthu oposa atatu. Komiti ya pamudzi inkayendera nyumba ndi nyumba, n'kusanja maina, msonkhano wa mudzi n'kuvomereza, ndipo malire anali mabanja 10 pa 100 alionse. Banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu anayi kapena kuposa K1,800, kuphatikizapo K200 pa mwana aliyense wa ku pulaimale ndi K400 wa ku sekondale. Iyi ndiyo Mtukula Pakhomo.

Okayikira ankati ndalamazo zithera ku kachasu. Ofufuza a ku Boston University ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba atatsatira mabanjawo kwa chaka, anapeza kuti ankadya kangapo patsiku kusiyana ndi anzawo osalandira, ana ankajomba pang'ono kusukulu ndi kuchepetsa maganyu a m'minda ya eni, ndipo pakhomo pankaoneka nkhuku, mbuzi ndi makasu atsopano. Ntchito za pakhomo pawo zokha ndiye zinawachulukirako anawo, poti tsopano panali mbuzi zoti adyetse. Ku Zomba, kafukufuku wina wa 2008 mpaka 2009 anayerekeza ndalama zopatsa atsikana pokhapokha akamapita kusukulu ndi zongowapatsa popanda lamulo. Zalamulo zinasunga atsikana ambiri m'kalasi, koma zopanda lamulo ndi zimene zinachepetsa mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana wosiya sukulu ankalandirabe, ndipo sankafunika kuthamangira kwa mwamuna kuti apeze sopo.

Madandaulo alipo, ndipo ndi omveka. M'mudzi momwe pafupifupi aliyense ndi wosauka, kudula mzere pa mabanja 10 pa 100 kumabala nsanje ndi manong'onong'o oti a komiti analembana pachibale. Ndalama zimachedwa miyezi, ndipo kwacha ikagwa, monga inachitira mu 2012, 2022 ndi 2023, zimene agogo ankagulira thumba la chimanga zimangokwanira ndowa. Ogwira ntchito za chisamaliro cha anthu m'maboma ndi ochepa kwambiri moti kuyendera mwana amene wabwezedwa kwa abale kumadalira ngati bungwe lina lapereka mafuta a njinga yamoto. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu 17.5 miliyoni, oposa theka a iwo osakwana zaka 18.

Chaka chomwecho cha 2018 Mtukula Pakhomo inafika m'maboma onse 28, ikuthandiza mabanja pafupifupi 280,000. Kuchokera m'thumba lake, boma la Malawi linkalipira olandira a ku Thyolo kokha. Maboma 27 otsalawo ankadalira ndalama za World Bank, Germany, European Union ndi Ireland.